Bokosi la Alamu Anga

Chaka chimene alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, ankapita ku Halale kukagwira ntchito, anandisungitsa bokosi lamatabwa lokhoma ndi loko. Akazi awo anali atamwalira, amuna anga ali ku Joni. Alamuwo anabwera ndi aphunzitsi a kutchalitchi kwathu ku Rivirivi kuti akhale mboni.

"Amayi, chosungitsa si chanu," anatero aphunzitsiwo. "Musatsegule, musabwereketse. Mulisamale monga mmene mumasamalira zanu."

Ndinavomera msangamsanga, mumtima ndikuti bokosi silidya, silidwala. Ndinalikankhira pakona, padothi penipeni, n'kuliiwala.

Patapita zaka ziwiri kalata inafika yoti alamu atsika sitima pa Balaka Loweruka. Ndinati ndilipukute fumbi bokosi lija. Nditalinyamula, thabwa lapansi linatsala pomwepo. Chiswe! Mkati munali dothi ndi tizidutswa ta nsalu basi.

Mantha amene anandigwira sindinawaonepo. Ndani akanakhulupirira kuti sindinagulitse katunduyo? Mayi wina wa ku Nkaya anali atamutengera kukhoti chifukwa cha njinga yosungitsa, ndiye aliyense wodutsa panjira atavala kaki ndinkamuyesa mesinjala wa boma. Ndivomere, ndinaganizako zoyatsa nyumba yanga kuti ndinamizire moto.

Loweruka masana alamu anafika, aphunzitsi ali pambuyo. Ine ndikachita mantha ndimalusa, choncho ndinayamba ndine, uku ndikuwalozera bokosi lija.

"Chiswecho sindinachiitane ine!"

"Zoona," anatero aphunzitsi mofatsa. "Chikhala kuti mbala inathyola chitseko, mlandu sukanakhala wanu. Koma nanga nsalu zanu mumaika pati?"

Nsalu zanga zinali pachingwe chomangirira kudenga, kutali ndi dothi, tonse tikuziona.

Ndinagwada. "Alamu, tengani mbuzi zanga zonse, koma kukhoti kokha ayi."

"Iyayi alamu, kukhoti ndikakatani?" Alamu anali atakhala pansi, akusanthula dothi lija ndi zala. "Munali nsalu za malemu akazi anga. Ndimasungira mwana wathu wamkazi, kuti akadzakula adzavale za amake."

Anapeza kachidutswa kofiira, kosakwana chikhatho. Anakauzira fumbi, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba la jekete. Mbuzi sanatenge ndi imodzi yomwe, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanatenga.