Bambo Dikirani ndi Bokosi Lofiira

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsewu monse ankangoti Bambo Dikirani, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwawo kasitomala asanapereke n'komwe moni. Ntchito yawo inali yolumikiza mavidiyo a maukwati m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa. Kompyuta yawo inali nkhalamba yeniyeni. Ikayamba ntchito, fani inkalira ngati chigayo, kamzere kobiriwira n'kumakwawa pasikirini, eni ukwati n'kumayasamula pabenchi. Ena ankalandira vidiyo yawo mkwatibwi ali kale ndi pakati.

Wojambula anali mlamu wawo, mchimwene wa malemu akazi awo. Chimwalirire mayiwo, abale akuchikazi anazimiririka mmodzimmodzi, koma uyu yekha anatsala. M'mawa uliwonse ankafika ndi kamera pakhosi, chipongwe chili patsogolo: "Alamu, agogo anuwa adzuka, kapena tiwaitanire abusa?" Ankaseka onse awiri. Kunena zoona, kuseka kwa Bambo Dikirani kwa tsiku lonse kunali komweko.

Ndiye tsidya la msewu kunatsegulidwa situdiyo ya makina atsopano. Ukwati Loweruka, vidiyo Lamlungu. Tsiku lina mlamu uja analowa osanyoza kompyuta, anangokhala pansi n'kumasisita kamera.

"Andiitana kutsidyaku, alamu. Ana akufuna kudya. Koma ukwati wa Loweruka lino ukatuluka msanga, sindipita."

Bambo Dikirani sanazengereze. Anagulitsa njinga yawo n'kupita kusitolo ya zipangizo kukagula pulosesa, kachitsulo kaja kamene ndi ubongo wa kompyuta. Kumeneko anapeza makampani awiri ali pa mpikisano, ina ya mabokosi abuluu, ina ya ofiira, iliyonse ikudzitama kuti yake ndiyo mphenzi.

"Chaka chino ofiira awasiya abuluu kutali," anatero wogulitsa. "Koma bolodi yanu, pomwe pamakhala pulosesayi, ndi ya mtundu wanji, bambo?"

"Ndinayamba kugwira kompyuta iwe usanamere mano. Kulunga yofiirayo."

Ha, kunyada! Kudula ndi kulumikiza zithunzi ankakudziwadi, koma m'mimba mwa makina ankangolowamo popukuta fumbi. Sankadziwa kuti makampani awiriwa sabwerekana ngakhale mpando: pulosesa ya ofiira sikhala pa bolodi ya abuluu.

Loweruka masana, mlamu ali kuukwati, Bambo Dikirani anamasula kompyuta, anachotsa pulosesa yakale, n'kuika yatsopano. Inakana kukhala. Anaitembenuza, inakanabe. Anati mwina ndi utsopano chabe, monga imachitira nsapato, ndiye anaikanikiza ndi chala chachikulu. Panamveka kaphokoso kakang'ono. Atayang'anitsitsa, timano ta pabolodi, topyapyala ngati tsitsi, tinali titagona. Anabwezera pulosesa yakale n'kudina batani. Zii. Ngakhale chigayo chija sichinalire. Anabwereka singano kwa telala kuti awongole timanoto, koma tina tinangothyokeratu.

Anakhala pabenchi ya makasitomala, manja ali m'masaya. Zinawapweteka kwambiri, makamaka poti panalibe womuloza chala koma iwo eni.

Mlamu anafika dzuwa litapendeka, tayi ili m'thumba, thukuta lili kamukamu, khadi ya kamera yosungira vidiyo ya ukwatiwo ili m'manja. Anaona kompyuta ili yasaa, bokosi lofiira lili pansi, ndi pakhoma pamene pankatsamira njinga. Munthu wachipongwe uja nthabwala zinamuthera.

"Ndidikire, alamu?" anafunsa motsitsa mawu. "Mwina pofika Lachitatu..."

Bambo Dikirani anayang'ana khadiyo. Ankamudziwa bwino mlamu wawo. Akanangonena mawu awo a masiku onse, munthuyo akanadikiradi, ana ake n'kumagona ndi njala.

"Ayi, alamu. Musadikire. Wolokani asanatseke."

Mlamu anatuluka n'kuwoloka msewu, ndipo chitseko chagalasi cha kutsidya chinatsekeka. Lolemba Bambo Dikirani anatsegula kachipinda kawo m'mamawa mwachizolowezi, anasesa, anapukuta benchi. Panalibe wobwera kudzafunsa ngati agogo adzuka.