Kaseti ya Amayi Sinalire Kumanda

Ndinadzuka kusanache, mwana akufuna bere. Tinagona pansi m'fulati ya malemu achemwali anga ku Thamesmead, azimayi pabalaza, azibambo m'khonde la mkati. Nyimbo za usiku tinaimba motsitsa mawu chifukwa oyandikana nawo anali atagogoda kale khoma. Ndinabereka mwana, ndinatereka mpunga, kenako ndinasuzumira m'chikwama kuona ngati kaseti ilimo. Inalimo.

Kasetiyo inali ya amayi athu. Viza yawo sinatuluke, ndiye ku Ntcheu anawajambula mawu otsanzikana ndi mwana wawo woyamba, munthu wina wobwera kuno n'kutitengera. Pafoni amayi anandiuza chinthu chimodzi chokha, chakuti achemwali amve mawu awo bokosi lisanatsike. Ine sindinaimvere. Ndinkafuna mwiniwake ayambe.

Kutacha anthu anayamba kutsika m'mabasi. Manesi anzawo a achemwali anachokera ku Lewisham maso ali psuu, ena yunifolomu ya usiku ili mkati mwa jekete. Kunja kunkawaza kamvula kozizira. Tikukazinga nkhuku kabelu ka utsi kanalira, mayi wina n'kumakakupiza ndi chitenje.

Ndiye anatulukira bambo wina wa suti, wokhala ku Croydon, amene ankafuna kukaimira uphungu kwathu pa chisankho chimene chinkabwera. Achemwali sanawadziwe n'komwe bambowa. Anapereka moni ndi manja awiri kwa aliyense, mpaka kwa mwana wanga kumsana. Tisananyamuke, woyendetsa mwambo anali atayamba kale kuwatchula olemekezeka.

Kumanda kuli katchalitchi kochita kubwereka. Mzungu woyang'anira anatiuza pakhomo kuti nthawi yathu ndi yochepa, pambuyo pathu pali maliro ena. Kwathu maliro amatenga tsiku lonse ndipo wamkulu aliyense amapatsidwa mpata. Kuno ayi. Ndinakawanong'oneza oyendetsa mwambo za kaseti.

"Musadandaule, mayi a Tadala," anatero. "Olemekezekawa angopepesa mawu awiri. Kaseti ibwera pambuyo. Tingawakanize bwanji?"

Ndinakhala pansi. Ine ndine munthu wodikira.

Bambo aja anapepesa mawu awiri ndithu. Kenako anatulutsa pepala. Anati akapambana makuponi a feteleza adzafika kwa mkazi wamasiye aliyense. Anati mlatho wa kwathu adzaumanga ndi simenti, ndipo atsikana asamalipire ku sekondale. Anaima pang'ono ngati akudikira m'manja. Mwana wanga anayamba kudandaula, ndinamuyamwitsa, wailesi ya kaseti ili pamiyendo.

Kenako anafika pa zaumoyo. Anati adzapititsa lamulo loti nesi wophunzitsidwa ndi boma asamatuluke m'dziko, chifukwa manesi akuthawa odwala athu kukasambitsa azungu okalamba. Ananena zimenezi dzanja lili pa bokosi la nesi. Achemwali ndi amene anafolera nyumba ya amayi ndi malata, ndi mashifiti a usiku omwewo. Manesi aja anazolika. Kumbuyo kwanga mayi wina wa ku Zambia anang'ung'udza kuti, "Nanga beve bachita chani kuno?"

Ndinaimirira ndi wailesi, chala chili pa batani. Koma mzungu uja anali atatsekula kale chitseko, akuloza wotchi. Panja panali banja lina ndi bokosi lawo, akunyowa. Abusa anapemphera mothamanga ndipo tinatuluka.

Mvula inali itakula. Anyamata a zakuda onyamula bokosi anayenda ngati akuthamangira sitima. Ine ndi mwana kumsana, ambulera dzanja lino, wailesi dzanja linalo, ndinatsalira m'matope. Pamene ndimadutsa pakati pa maambulera, bokosi linali litatsika. Bambo aja anali akuika nkhata alamu anga, amuna a malemu, asanaike, mnzawo akuwajambula chithunzi. Sindinadine batani. Bokosi litatsika kale, ndikananamiza ndani?

Madzulo anthu anathamangira mabasi awo. Ndinatsuka mbale. Pansi pa mbale iliyonse ndinapeza kapepala ka nkhope ya bambo aja, ndinatiunjika ndi mafupa a nkhuku n'kukataya.

M'nyumba munatsala ine, alamu ndi mwana ali m'tulo. Alamu anafunsa chimene ndiwauze amayi akaimba. Ndinaika wailesi pathebulo n'kudina. Kunamveka tambala, kenako amayi akutsokomola.

"Inu nonse mwasonkhana pamenepo," anatero, "khalani chete pang'ono, ndilankhule ndi mwana wanga."