Tsiku limene amalume anachedwa pa Mbare

Lachiwiri lapitali, mawu awiri a Chingerezi anatsala pang'ono kutiphera munthu.

Amalume anga a Mbewe, amene anapuma ntchito kumafakitale a ku Workington, anali akubwerera kuchokera kumudzi ku Dedza. Mng'ono wanga Chipo amagulitsa tomato pa Mbare Musika, pomwe mabasi amafikira, ndiye tinamupempha kuti awachingamire. Basi sinafike nthawi yake. Chipo analemba pagulu lathu la pafoni: "Sekuru is late." Sekuru ndiye amalume m'Chishona. Kenako foni yake inatha moto.

Ine ndinali mu kombi. Ndisanatsike, msuweni wanga Joyce anandiimbira kuchokera ku Mufakose.

"Mwamva? Bambo atisiya. Mayi agwa pakhonde, sakuyankhula."

Pomwe ndimafika kwa amalume, anansi anali atatulutsa kale mipando panja. Wina anali akumanga kansalu kofiira pageti, chizindikiro cha maliro. Mayi Nabanda, akazi a amalume, amene amadwala BP, anali atathamangitsidwa ku kiliniki. Ndinaima pabwalo foni ili m'manja, ndikuwerenga uthengawo mobwerezabwereza. Late. Achedwa kapena amwalira? Ndinkaimba kwa Chipo, foni osalowa. Sindinathe kukhala pansi, sindinathenso kuuza anthu kuti abweze mipando.

Madzulo amalume anatsika takisi ndi thumba la mtedza, Chipo ali pambuyo. Anayang'ana kansalu kaja, nayang'ana ife.

"Kodi wamwalira ndani?"



Chipo anakhala pansi n'kuyamba kulira. "Ini ndati achedwa chete," ankatero, Chishona ndi Chichewa zikupingana pakamwa. Ndipo sananame.

Onani pamene panali msampha. Mawu akuti "late" akamata pa munthu, amakhala mfotokozi, amanena za munthuyo, ndipo kuno kwathu tonse timamva maliro. Akatsatira mneni, monga "will arrive late", amakhala muonjezi, amangonena za kafikidwe. Kusukulu tinkaziona ngati zongokhozera mayeso. Ndani anatiuza kuti zingagoneke mayi pabedi la kuchipatala?

Koma chondisowetsa mtendere si galamala ayi. N'chifukwa chiyani Chipo analemba Chingerezi poyamba pomwe?

Ndinamufunsa. Anati Chichewa amachimva, koma akalemba akuluakulu amamuseka. Akalemba Chishona, abale a ku Dedza amene ali pagulupo amadandaula kuti akuwajeda. Ndiye amathawira ku Chingerezi.

Si iye yekha. Mabanja athu ambiri ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose ali choncho. Agogo Chichewa, ana Chishona, ndipo tikafuna kumvana tonse timakumana m'chinenero chimene aliyense amachigwira theka. Za matenda, za maliro, za ukwati, zonse timazipereka m'mawu obwereka, mothamanga, ndi chala chimodzi.

Mayi Nabanda anatuluka m'chipatala mawa lake. Akuyenda, koma dzanja lamanzere likadali lolemera, ndipo Chipo sanapitebe kukawaona. Akuti akuchita manyazi. Amalume amangoti, "Musiyeni mwana, ine ndi amene ndinachedwa."

Ine ndikuti ngati tasankha Chingerezi, tichiphunzire mpaka tidziwe mawu ofotokoza munthu ndi ofotokoza zochita zake. Ngati tatopa nacho, tisiye kuseka ana akamalemba Chichewa chopunduka. Nanga inu, mwana wanu atayesa lero kukulemberani m'chinenero cha makolo ake, mungamuyankhe kapena mungayambe mwamuseka?