Suti ya Wosoka Nsapato

Mumsewu wawo onse ankawadziwa ndi dzina loti Mayi Pitirizani, ndipo dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Akatulutsa kamera, munthu n'kuyamba kuwongola kolala ndi kumata milomo ngati akufuna chithunzi cha pachitupa, iwo ankakalipa. "Aaa, pitirizani zimene mumachitazo! Wakuuzani ndani kuti muume?"

Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita nsalu za pabedi pa hotela ina, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe nthunzi inkachita kutsamwitsa. Anagwira mmenemo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mwina n'chifukwa chake ankakonda kuwala choncho. Kamerayo anaiiwala mlendo wina, ndipo patatha chaka mwini wake osabwera, bwana anangowapatsa iwo.

Palibe anawaphunzitsa kujambula. Filimu yoyamba inatuluka ndi anthu opanda mitu, yachiwiri ndi nkhope zakuda bii chifukwa ankajambula atayang'ana kudzuwa. Amuna awo anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma mayiwo anali ndi khama loopsa. Pang'onopang'ono anazindikira kuti dzuwa lizikhala kumbuyo kwa wojambula, kuti kuwala kwa m'mawa kolowera pazenera kumakomera nkhope kuposa kwa masana, komanso kuti mwana umamujambula utanjuta, osati utamuimirira pamutu ngati wapolisi. Asanadine batani ankayang'ana kaye kumbuyo kwa munthuyo, kuti pasapezeke ndowa kapena tsache lomera pamutu pake.

Amene anajambulidwa kwambiri anali amuna awowo, wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ya zitsulo. Anali munthu wochepa thupi, wa epuloni yachikopa yong'aluka thumba, timisomali tili pakamwa, chala chachikulu chitada ndi guluu ndi polishi. Kunsi kwa benchi yawo kunkakhala mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene bambo ake anamutcha Kadona chifukwa kuyambira ali wakhanda ankanyansidwa ndi fumbi.

Ma alubamu Mayi Pitirizani sankawafuna. Ankati chithunzi chotsekeredwa m'kabati chili ngati mlendo womutsekera kuchipinda. Hotela itachotsa mazenera akale, iwo anapempha limodzi la magalasi asanu ndi limodzi, n'kulipaka penti, n'kuika chithunzi kuseri kwa galasi lililonse, n'kulipachika pabalaza. Zotsalazo anazipana ndi mapegi pachingwe chochokera pachitseko kukafika pakabati. Alendo akalowa ankaseka. "Mayi, mwayamba kuyanika anthu?" Koma ankatha theka la ola ataimirira pomwepo, tiyi akuzizira.

Bambo aja anamwalira Kadona ali ku sekondale. Chaka chotsatira denga linadontha, mafilimu onse amene anali m'katoni n'kumatana, kutheratu. Zinatsala ndi zithunzi za pakhoma zokhazo, ndipo zomwe munali bambowo zinali khumi ndi zinayi. Mayi ankazipukuta Loweruka lililonse. Sankabisa kuti amaopa kuiwala nkhope ya amuna awo, ndipo zithunzizo ndizo zinkawasungira munthuyo monga analili.

Kadona anaphunzira, anapeza ntchito ya muofesi, n'kukwatiwa m'banja la madokotala. Mayi ake ananyada mpaka anansi kutopa nawo. Tsiku lina Kadona anabwera pagalimoto, n'kuima pansi pa chingwe chija nthawi yaitali.

"Amama, zithunzi za ababa zayamba kufwifwa. Pali munthu amazikonza pakompyuta, zimatuluka ngati zadzulo. Ndibwerekeni, ndikufunanso kukongoletsa khoma la kwathu."

"Ndi zokhazi mwanawe. Palibenso zina."

"Iii amama, ine ndingataye ababa?"

Mawu amenewo anawafewetsa mtima. Anazichotsa okha chimodzichimodzi, anazikulunga m'pilokesi yoyera, n'kumupatsa ndi manja awiri.

Panapita miyezi itatu. Akafunsa, yankho linali loti wokonzayo watanganidwa. Kenako Kadona anawaitana ku chakudya chamasana, kuti abwere adzaone khoma. Anasita diresi lawo labwino, anakwera mabasi awiri, n'kufika kunyumba ya makwerero, yopukutidwa mpaka munthu kuopa kuponda. Apongozi ake a Kadona, mayi wamtali wa magalasi, analipo kale, ndipo ndiwo anawagwira dzanja kupita nawo pamakwereropo.

Kunena zoona, khomalo linakonzedwa bwino. Mafelemu akuda ofanana ankakwera motsatira makwerero, lililonse ndi kagetsi kake pamwamba. Mayi Pitirizani anayang'ana felemu loyamba, mutu n'kuima.

Nkhope inali ya amuna awo, koma yosalala, yopanda makwinya. Epuloni panalibe. Bambowo anali mu suti yabuluu ndi tayi. Benchi inasanduka tebulo lonyezimira, khonde la sitolo linasanduka ofesi ya makatani ndi mashelefu a mabuku. Pachithunzi chimene anagwira nsapato ya mwana wasukulu akuiunika padzuwa, tsopano anagwira cholembera. Chala chakuda chija chinali choyera, chikhadabo chodulidwa bwino. Mayiwo anakwera sitepe ina, n'kukwera inanso. Zonse khumi ndi zinayi zinali choncho.

"Anali bambo ooneka bwino," anatero apongozi aja. "Mwana wanu anatiuza kuti ankayendetsa kampani ya nsapato. Ndiye kuti anali ndi antchito ambiri?"

Kadona anaima pansi pa makwerero atanyamula thireyi ya matambula. Anayang'ana amayi ake ndi maso a mwana amene waswa mbale ndipo akupempha kuti asamunenere.

Mayi Pitirizani anali asananamepo za amuna awo, ngakhale kamodzi. Kuhotela, pamaso pa mabwana, ankanena mosazengereza kuti anakwatiwa ndi wosoka nsapato. Koma uyu anali mwana wawo, ndipo banja linali lake.

"Analipo ndithu," anayankha.

Chakudya sanachimve kukoma. Atatha, anatsatira mwana wawo kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Ndanama chifukwa cha iwe. Ndawakana abambo ako ine, ndi pakamwa pangapa. Tsopano ndipatse zithunzi zanga ndizipita."

"Amama, musakweze mawu."

"Sindikukweza. Zili kuti?"

Kadona anatsegula mpopi, n'kuyamba kutsuka tambula yotsuka kale.

"Mukanawadziwa anthu awa, amama. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa kuti bambo ako ankagwira ntchito yanji. Ndinangoyankha, kenako sindikanathanso kubweza."

"Zimenezo ndi zako ndi apongozi ako. Ine ndikufunsa zithunzi."

"Akanazipeza m'nyumba muno bwenzi nditani? Amuna anga amatsegula paliponse."

"Zili kwa wokonza uja?"

"Ndinamuuza kuti akamaliza asasunge chilichonse. Ngakhale pakompyuta."

"Nanga zenizenizo? Za m'pilokesi?"

Madzi ankangotayika mu sinki. Kenako mwanayo ananena motsitsa mawu, osatembenuka, "Ndinazing'amba, amama. Koma ndikusindikizirani izi, zazikulu bwino. Si ababa omwewo?"

Mayi Pitirizani sanalire, sanatukwane. Zinawapweteka kuposa tsiku la maliro, chifukwa imfa ilibe chifundo ndipo aliyense amadziwa, koma uyu anamubereka okha, ndipo zithunzizo anamupatsa okha ndi manja awiri. Anatenga chikwama chawo. Mkamwini wawo anati awaperekeze pagalimoto, iwo n'kukana mwaulemu, nati akufuna kuwongola miyendo.

M'basi anapeza mpando wa pazenera. Dzuwa lamasana linkawawomba kumaso, ndiye anatsinzina, n'kuyesa kuwaona amuna awo pakhonde paja, atawerama pa ntchito yawo. Khonde linabwera, benchi inabwera, ngakhale fungo la guluu linabwera. Koma munthu amene anakhala pabenchipo atadzutsa mutu, anali wa nkhope yosalala, atavala suti yabuluu. Anatsegula maso msanga, n'kutsinzinanso kuti ayambirenso. Anabweranso yemweyo, tayi ali pakhosi.