Njinga ya Amai sinakwanepo

Fungo la mkaka wotayikira pa malegeni silinandichoke m'mphuno mpaka lero. Ndi fungo lowawasa, losakanikirana ndi fumbi ndi mphira wopsa ndi dzuwa, ndipo ndi limene linkatuluka pa njinga ya Amai chaka chonse. Tinkakhala pa kamunda kathu kuseri kwa Palabana, tili ndi ng'ombe zamkaka zochepa. Amai ankakama kusanayere bwino, n'kumangirira zigubu ziwiri kumbuyo kwa njinga, ulendo wokapereka mkaka kumene alimi onse ankasonkhanitsira. Njingayo inali yakuda, yolemera ngati thole, ndipo kaliyala wake anachita kukamukuza kwa wowotcherera, n'kukhala ndi mapiko achitsulo uku ndi uku oti zigubu zizikhazikika.

Nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, bondo la Amai linatupa. Sankadandaula, koma madzulo ankalithowa ndi kansalu ka madzi otentha, ataluma mlomo. Mwezi womwewo Atate, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Lusaka, anagula kagalimoto kakale kotuwa. Kunyada kwake, inu! Ankakapukuta m'mawa ndi madzulo, ndipo nkhuku ikangoyandikira inkalandira chitsononkho.

Nzeru inachokera kwa Amai. Msewu wa Atate unkadutsa pomwe ankaperekera mkaka, kenako pasukulu pathu. Ndiye anati galimoto itakhala ndi ponyamulira njinga, iwo akanamakwera m'mawa, zigubu mu buti, njinga pamwamba, ndipo pobwerera akanamapalasa zigubu zili zopanda kanthu, njira yake yotsetsereka. Chimene chinkawapha chinali chitunda cha kutsidya kwa dambo, pokwera ndi mkaka wodzaza. Atate anavomera. Loweruka tinanyamuka awiri, ine ndi Atate, kupita ku Chongwe, Amai n'kutsala chifukwa ng'ombe ina inali pafupi kubereka. Anatiperekeza mpaka pageti, akupukuta manja pachitenje.

"Atate ake Misozi, mukaone chamene chinganyamule njinga yanga," anatero, akuwaitana ndi dzina langa.

Ku Chongwe tinayambira kwa wowotcherera wina kuseri kwa msika. Pamalopo pankanunkha chitsulo chopsa, ndipo pansi panali mbwee tizidutswa ta mapaipi. Mkuluyo anatisonyeza kaliyala wapadenga, wa zitsulo zokhuthala, wosapenta, woti njinga n'kuigoneka chogona n'kuimanga ndi malegeni. Anati ameneyo anganyamule ngakhale matumba a chimanga. Atate anamuzungulira, n'kuyang'ana denga la kagalimoto kawo kowala, nkhope itakwinyika. Ndinawamva akung'ung'udza kuti motoka yawo siingalowe mu Lusaka ikuoneka monga ya ogulitsa malasha.

Kenaka tinalowa m'shopu ya zipangizo za galimoto, ndipo m'menemo ndi momwe tinachiona. Chinali chitsulo chonyezimira cha manja awiri okutidwa ndi mphira wofewa, cha malamba akuda okola pachitseko cha buti. Zotere ndinkangoziona pa magalimoto a anthu a m'tauni opita kumafamu Lamlungu. Wogulitsa anati chimanyamula njinga ziwiri, ndipo anakolekapo kanjinga kopepuka ka mwana wake kuti tione. Kanakhala bwinobwino ngati kobadwira pomwepo. Atate anandifunsa kuti chabwino n'chiti, koma chikwama anali atatulutsa kale. Ine ndinaloza chonyezimiracho, mtima uli pa anzanga a kusukulu. Za mapiko a njinga ya Amai palibe anazikumbuka, ngakhale tonse awiri tinkaidutsa pakhonde tsiku ndi tsiku.

Kunyumba tinayesa dzuwa lisanalowe. Atate ndi Amai ananyamula chinjinga chija n'kuchikoleka, ndipo phiko limodzi linagunda galasi lakumbuyo, Atate n'kufuula ngati laswa diso lawo. Anachitembenuza, phiko linalo linakala penti. Manja a chitsulo chija anayamba kuwerama, malamba akulira. Tinazindikiranso kuti chikamangidwa, buti satseguka, pomwe mpando wakumbuyo Atate anali atalonjeza kale anzawo awiri othandiza kugula mafuta. Atate anati ndiye tikadule mapikowo.

"Mukadula, tsiku yamene motoka yafa mkaka nizanyamula pamutu?" Amai anafunsa. Anaima pang'ono, atatsamira mwendo wabwinowo, akuyang'ana chitsulocho. "Lekani. Chizinyamula ya mwana."

Wa shopu uja sankalandira katundu wobwezedwa. Atate analonjeza kuti mwezi ukatha adzabwerera kwa wowotcherera, koma mwezi utatha panafunika matayala, wotsatirawo batire, ndipo nkhaniyo inafera m'mazira.

Ine ndiye ndinalowa m'mafuta. Kanjinga kanga kofiira kankakwera kumbuyo m'mawa uliwonse, dzanja limodzi la chitsulo lili lopanda kanthu. Ndinkakhala kutsogolo, nditafunda juzi, mpweya wofunda ukundiomba m'miyendo, kunja udzu utayera ndi chisanu. Pasukulu Atate ankatsitsa njingayo anzanga ataunjikana, ndipo ndinkachedwetsa dala kumasula malamba kuti aone bwino. Masana ndinkabwerera kunyumba ndikutsetsereka, mabuleki osagwira n'komwe.

Amai ankanyamuka ife tisanadye, koma tinkawapeza pa chitunda chija masiku onse. Patali ndinkayamba kuona duku lawo, kenako zigubu zikugwedera, iwo ataimirira pa mapedulo, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Atate ankaliza hutala kawiri, n'kuchepetsa liwiro kuopa kuwathira fumbi, koma fumbi la mwezi wa Julaye silimva zimenezo. Amai ankachotsa dzanja limodzi pa handulo n'kutibayibitsa, akumwetulira mano onse. Ine ndinkabayibitsanso mpaka titakhota.

M'mawa wina ndinatembenuka nditagwada pampando, kufuna kuona ngati lamba wa njinga yanga wamasuka. Kudzera m'masipoko ndinawaona Amai patali, fumbi litayamba kutsika. Anali atatsika panjinga. Dzanja limodzi linagwira chishalo kuti mkaka usagwe, linalo linali pabondo, mutu ataweramitsa. Ndinauza Atate kuti Amai aima, mwina malegeni aduka. Atate anayang'ana pa kagalasi, n'kunena kuti inde, mwina ndi malegeni. Ine ndinakhulupirira, ndinakhalanso bwino pampando, ndipo tisanafike pasukulu ndinali nditaiwala.

Lero ndili ndi zaka zoposa zimene Amai anali nazo nthawi imeneyo, ndipo bondo langa lamanzere layamba kundiuza nkhani m'miyezi yozizira. Ndikakwera masitepe ana anga akundiona, ndimakwera mowongoka, n'kukapumira kuseri kwa chitseko. Ndiye manyazi amandigwira, osati pang'ono. Ndili mwana ndinkati Amai ankatibayibitsa chifukwa chonyadira kuona mwana wawo m'galimoto, ndipo mwina kunyadako kunalipo ndithu. Koma dzanja lija linkatiuza kuti tidutse msanga. Malegeni a Amai sanadukepo chaka chonsecho. Ankangodikira kuti tikhote.