Njinga Yoyendera Madzi

Amuna anga anali mphunzitsi wa sayansi. Atawatumiza ku Malindi, tinapita ndi ana awiri ndi njinga yamoto imene ankaikonda kuposa ine. Chaka chimene petulo anasowa, njingayo inangokhala pakhonde, nkhuku n'kumagonapo.

Iwo sankadziwa kukhala manja lende. Anabwereka batire ya galimoto kwa mnzawo, mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankasewera naye bawo. Anathira madzi ndi soda m'botolo langa la mafuta ophikira, n'kulowetsamo mawaya awiri. Madzi anayamba kutulutsa tithovu. Anati mpweya umenewo ndi haidrojeni, umayaka, ndipo ukaulowetsa mu injini kudzera m'kapaipi, injini ikhoza kulira.

"Ndiye kwathu ku Dedza tipita ndi madzi a m'nyanja?" ndinawaseka.

"Ayi mayi, batire ikutha msanga, mpweya wake ndi wochepa. Ndikungofuna ana a sukulu aone kuti n'zotheka."

Loweruka lina masana injini inatsokomoladi, n'kulira pang'ono, kenako botolo lija linati phuu! Galasi linangowacheka chala. Anaseka mpaka misozi.

Lolemba lake ndinapita kokonzekera magule a chipani, monga ankachitira mayi aliyense, afune asafune. Mayi wina anandinyogodola kuti njinga yathu yasanduka khola la nkhuku. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindichedwa.

"Amuna anga safuna petulo wa boma," ndinatero. "Boma lalephera, iwo ayendetsa njinga ndi madzi. Kuphulika kuja simunakumve?"

Amayi onse anayang'anana. Masiku amenewo mawu oti boma lalephera sankatuluka pakamwa pa munthu wofuna kulera ana ake.

Lachinayi kunabwera galimoto ndi amuna atatu a boma. Anatenga batire, mawaya, zidutswa za botolo, n'kuwatenganso amuna anga choko chili m'manja. Akuti ankapanga mabomba.

Anakhala kundende zaka ziwiri. Mnzawo wa bawo uja ndi amene ankatibweretsera ufa ndi utaka, anthu ena onse akutilambalala ngati tili ndi khate. Amuna anga anabwerako atawonda, khutu limodzi litagontha, ntchito itatha. M'ndende anali atalingalira ndithu n'kupeza yankho lawo: amene anawaneneza ndi mwini batire, chifukwa ndi yekhayo anaona zonse.

Mnzawoyo atabwera kudzawalonjera, amuna anga anabweza dzanja lawo m'thumba.

"Achimwene, mwandiiwala?"

"Ndakukumbukani bwino lomwe. Tulukani."

Ine ndinali chiimire pakhomo. Ndikanangotsegula pakamwa pomwe paja, zikanathera pomwepo. Ndinaopa kuti andisiya, ndinaopanso maso awo. Ndinkati ndinena mawa. Tinabwerera kumudzi, tinalima mbatata, tinakwatitsa ana, mawa lakelo osafika. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo palibe amene ndingamunamizire.

Amuna anga atamwalira, mnzawo uja anabwera ku maliro kuchokera ku Mangochi konse, imvi zili mbuu. Titachoka kumanda anakhala pansi pafupi ndi mphasa yanga, chipewa chili m'manja.

"Alamu, funso limodzi lokha. Mnzangayu ndinamulakwira chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Sindikudziwa, alamu," ndinatero.