Anamufupa asanavine

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabadwa ndi mwendo wamanzere wofota. Amayendera ndodo. Ali Sitandade 4, pasukulu pawo kufupi ndi Migowi panabwera aphunzitsi ena ochokera kumpoto, amene anayambitsa zoti ana olumala aziphunzira tchopa Lachisanu lililonse. Ine ndinaseka. Tchopa, gule wathu ife Alomwe, wopondaponda pansi mpaka fumbi koboo, avine wamwendo umodzi? Koma aphunzitsiwo anati pamene anzake akuponda ndi phazi lamanzere, iye azimenya pansi ndi ndodo. Mwana anaikirapo mtima. Ankayeserera kuseri kwa bafa, nkhuku zili balala.

Tsiku lotsekera sukulu analowa m'bwalo anthu atadzaza. Kwathu kuno wovina akakusangalatsa umalowa n'kumufupa kandalama. Koma tsiku limenelo ng'oma zisanalire n'komwe, azimayi anathamangira kwa mwana wanga, uyu kumufumbatitsa ndalama, uyu kumusisita mutu, amvekere, "Kalanga ine, mwana wa Mulungu!" Ine chitsiru ndinali patsogolo, nthungululu ili pakamwa. Kuvina anavina, koma nkhope ili pansi.

Titafika kunyumba anaponya ndalamazo pamkeka.

"Amayi, anthu aja amandifupira chiyani? Ndinali ndisanavine."

Ndinamukalipira kuti ndi wosayamika. Masabata atatu sanayesererenso gule kuseri kwa bafa kuja, ndipo ndodo ija inangokhala yoyendera basi. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti nanenso ndinamulakwira.

Ndinakadandaula kwa amalume anga, oimba ng'oma za tchopa, munthu wa pakamwa powawa amene sindinawamvepo akuyamikira aliyense. Anabwera masana ena ng'oma ili m'khwapa. Anaiwamba pamoto wa mapesi, n'kuuza mwanayo kuti aimirire. Atangoimba pang'ono analekeza.

"Iwe, ndodo yakoyo ikuchedwa! Ukuvina kapena ukukumba mbatata? Yambiranso!"

Ndinapsa mtima zedi. Ndinadzambatuka kuti ndiwapirikitse pakhomo panga, ndi umalume wawo womwewo. Mwana wangayu amunyoze chonchi ine ndili pompo? Koma nditatembenuka ndinapeza mwanayo akumwetulira, koyamba chitsekereni sukulu.

"Amayi, takhalani pansi," anatero. "Agogo akunena zoona, ndachedwadi."

Ndinakhala pansi mwamanyazi. Amalume anamubwerezetsa mpaka dzuwa kupendeka, osamuyamikira ngakhale kamodzi. Potsanzikana anangoti, "Ndibweranso mawa, manjawo akadali aulesi."

Mawa lake mwana anawadikirira kumsewu, nkhomaliro osadya.